Duku Lakuda ndi Mabuku a Malemu

Ofélia anavala zakuda kwa zaka ziwiri, ndipo aliyense amene anakhalapo mu Tete akudziwa kuti chimenecho pachokha ndi chilango. Dzuwa la kuno silimvera chisoni wamasiye. Chaka chimodzi chikanakwana, koma abale a mwamuna wake a ku Angónia ankangoti mawa, mawa: mvula, kukumba mbatatesi, maliro ena. Iye sankadandaula. Chimwalirireni mwamuna wakeyo, Amadeu, atagundidwa ndi chigalimoto cha malasha ali pa njinga yake yamoto, Ofélia anangokhala ngati mwendo wochita dzanzi. Ankadya, ankasamba, ankapita kuntchito yake yolandira alendo pa pensau ina, nyumba yogona apaulendo, ankaseka anzake akaseka. M'kati munali zii.

Amene ankawerengera nthawi anali Horácio, Mnyungwe wa ku Chingodzi woyendetsa mabasi onyamula antchito a ku mgodi. Anali munthu woleza mtima mpaka kukwiyitsa. Ankadziwa kuti Ofélia asanasudzulidwe ndi abale a malemu, ankhoswe ake sangaponde pakhomo pa mkaziyo, choncho ankangodikira, osamugwira ngakhale dzanja pagulu.

Lamlungu lina masana anakhala awiriwo pansi pa mtengo wa mango ku Nhartanda, pomwe kamphepo ka ku Zambezi kamayesako kufika.

"Akubwera Loweruka la sabata yamawa," anatero Ofélia. "Amalume ake a malemu, alamu anga a Catarina, ndi Ernesto, mng'ono wa malemu uja. Akuti adzandisudzula."

Horácio anaika botolo lake pansi.

"Tabwereza."

"Adzandivula dukuli. Zikatero ndamasuka."

"Ndiye ukunena ngati ukulengeza zanyengo pa wailesi? Ofélia, ine mtima ukufuna kutuluka pakamwa!"

Ofélia anamwetulira chifukwa anaona kuti pakufunika kumwetulira. Munthuyu ankamufuna ndithu. Ankadziwa zimenezo ndi mutu, monga mmene munthu amadziwira dzina la bairro yake, dera limene amakhala.

"Ndipo za sukulu zija usaiwale," anapitiriza Horácio, nkhope ili ngwee. "Mawa ukalembetse. Kontabilidade, wamva? Makampani onse adzazana munowa akulira anthu a maakaunti. Ndi madzulo okhaokha, ntchito sutaya. Ine ndikaweruka ndizikakutenga pa portau, pa geti la sukulu paja."

"Ndamva, a Horácio."

*

M'mawa mwake ku fakulidade, kusukulu ya ukachenjede kuja, kunali mzere wautali wa ana. Ofélia ankawatcha ana chifukwa ena akanatha kuwabereka. Onse ankafuna za migodi, za kayendetsedwe ka makampani, za chitetezo cha pantchito. Zaka zimenezo munthu ukati ukufuna kuphunzira china chosanunkha malasha, anthu ankakuyang'ana ngati wadwala mutu.

Atafika pawindo, bambo wa mu ofesimo anayang'ana kumbuyo kwake.

"Dona, mwana amene mukumulembetsayo ali kuti?"

"Mwanayo ndine."

"Aa, pepani. Pós-laboral, ya madzulo?"

"Eya."

"Kurso yanji? Muphunzira chiyani?"

Mu shapa monse, m'minibasi muja, anabwera akubwereza mawu amodzi: Kontabilidade, Kontabilidade. Koma pafupi ndi windolo panali chitseko cha kalasi chosatseka, ndipo pakhoma pake panalendewera mapu akale a mtsinje wa Zambezi, achikasu ndi ukalamba, ngodya imodzi itang'ambika. Kunkatuluka fungo la choko.

"Historiya," anatero.

Bamboyo anakweza maso, kenaka anagwedeza mapewa. Mutu ndi wanu, dona.

Chimene anthu sankachidziwa ndi ichi. Ofélia anakulira kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Dedza. Kumeneko anaphunzira mafumu a ku Malawi, maboma a ku Malawi, nyimbo ya fuko la Malawi. Nkhondo itatha banja lawo linabwerera, iye nkupeza kuti za dziko lake sadziwa kanthu, ngakhale chifukwa chimene anthu ankawotcherana midzi. Ankafunsa akuluakulu, iwo nkumuuza kuti zakale zisiye. Funsolo linangokhala mwa iye mpaka kukwatiwa nalo.

Amadeu, yemwe ankagwira ntchito m'boma, ankangofuna lisensiyatura, digiri iliyonse, kuti amukweze. Anagwirizana kuti ayambe ndi mwamuna, mkazi adzatsatira. "Ndisankhire iweyo, kwa ine zonse ndi chimodzimodzi," anatero Amadeu. Ofélia anamusankhira Historiya kuti mabukuwo alowe m'nyumba. Amadeu akawodzera pampando, iye ankasolola buku m'manja mwake nkuwerenga mpaka mphika kupserera. Tsiku limene Amadeu anafa ankachokera ku kalasi yomweyi.

Potuluka pa portau, Ofélia anamva kanthu kakugwedezeka pansi pa nthiti. Kanali kakang'ono, ndipo pofika pokwerera shapa kanali katazima.

*

Uthenga wa Horácio unafika masana omwewo.

*Walembetsa?*

*Eya.*

*Parabéns, dotora wanga wa maakaunti!*

Ofélia anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Analemba mawu angapo, nkufufuta. Anaganiza kuti adzamuuza pamaso. Koma anthu ofuna kunena pamaso ndi omwe amapezereredwa ndi pakamwa pa ena.

Lamlungu lotsatira Horácio anapita naye kukadya kwa mlongo wake Teresinha ku Chingodzi. Teresinha ankagulitsa nsomba zouma ku msika wa Kwachena, ndipo sankabisa kuti mkazi wamasiye wa ku Angónia, wa zaka zoyandikira makumi anayi, si amene ankamulotera mchimwene wake. Amene ankamulota anali atakhala kale pakhonde: Stélia, mtsikana wa mu ofesi ya kampani ina ya mgodi, atavala malaya a kuntchito pa Lamlungu kuti aliyense awerenge chizindikiro cha pachifuwa.

"Anangodutsa," anatero Teresinha. "Ndamuumiriza kuti adye nafe."

Kudutsa kwake kunali kwa munthu wobwera ndi keke.

Ali mkati mwa kudya, Horácio analephera kudzigwira.

"Mana, achemwali anga, Ofélia wabwerera ku sukulu. Kontabilidade!"

Stélia anapukuta pakamwa mwaulemu.

"Kontabilidade? Ndiye ndinamva molakwika. Ine ndinali kumbuyo kwanu pamzere paja, tia, ndimalembetsa chaka changa chachitatu. Ndinamva ngati munati Historiya."

Mawu akuti *tia*, azakhali, anawakoka bwino, ngati akulankhula ndi nkhalamba ya pa tchalitchi.

"Ofélia?" anatero Horácio.

"Anamva bwino. Ndi Historiya."

"Historiya ndiye chiyani? Imadyedwa?" Teresinha anaseka, kenaka kusekako kunaduka, maso ake nkuwala. "Dikirani. Si yomwe ankaphunzira malemu amuna anu? Ija anafera pamsewu akuchokera komweko?"

Stélia anadula keke.

*

Pobwerera anakakamira pa mlatho, kumbuyo kwa mzere wa magalimoto akuluakulu. Kagalimoto ka Horácio kanalibe mpweya wozizira, ndipo chitsulo chinkatentha ngati chiwaya.

"Unandisiya ndikutcha dotora wa maakaunti sabata yonse," anatero Horácio, maso ali kutsogolo.

"Ndimafuna kukuuzani."

"Kalasi yake yomweyo? Mpando wake womwewo?"

"Si zake, a Horácio. Ndi zanga."

"Zako bwanji? Mabuku ake ali m'nyumba mwako mpaka lero. Ndinawaona pawindo, opukutidwa bwino kuposa mbale." Anamenya chiwongolero ndi chikhatho, koma mofatsa, poti ngakhale kukwiya kwake kunali kwaulemu. "Mwamuna wamoyo ndingalimbane naye. Wakufa ndimuyambira pati? Salakwa, sakalamba, sanunkha thukuta la basi."

Apa mpamene Ofélia akanafotokoza zonse: za Dedza, za mphika wopserera. Nkhaniyo inalipo yonse pammero. Koma atatsegula pakamwa, mawu anatuluka ouma, opanda mchere.

"Ndinasankha ndine kalekale. Iye anangopita m'malo mwanga."

Horácio anamuyang'ana kufunafuna misozi, kapena mkwiyo, chilichonse. Anapeza nkhope yomwe ija ya masiku onse.

"Ukanama umalankhula choncho, ukanena zoona umalankhula choncho. Ndikudziwa bwanji?" Anapuma mozama. "Akuti sabata yoyamba munthu atha kusintha kurso. Ganiza. Loweruka ine ndikhala pa baraka ya zakumwa ya pakona paja. Sindingalowe, si malo anga. Ndingodikira kuti ndikuone ukutuluka utavala mtundu wina."

Magalimoto anasuntha. Pansi pawo mtsinje unkayenda mwakachetechete, wofiirira ndi mvula ya kumtunda.

*

Loweruka alendo anafika kwa Ofélia ku bairro ya Mateus Sansão Muthemba dzuwa lisanakwere kwenikweni. Amalume ake a malemu anali mkulu wowonda wa jekete lotentha, lomwe sanalivule ngakhale thukuta linkatsika m'makutu. A Catarina, mlongo wake wa Amadeu, ananyamula kapulana yatsopano yachikasu ya maluwa obiriwira. Ernesto ananyamula chikwama chachikulu. Kwa munthu wobwera ulendo wa tsiku limodzi, chikwamacho chinali chonenepa modabwitsa, ndipo m'mbali mwake munatulukira nsonga ya jombo za kumgodi, zatsopano.

Anayala mphasa pabwalo. Mayi wina woyandikana naye nyumba anakhala kumbali ya Ofélia ngati mboni. Katundu wa malemu anatulutsidwa: nsapato, majekete, wailesi, chipewa cha njinga chong'aluka chija. Anapemphera. Amalume analankhula za ubwino wa Ofélia, kuti anasunga maliro mwaulemu, sanamveke mbiri. Ofélia ankamva zonsezo ngati akunena za mkazi wina wa m'bairro momwemo.

A Catarina anagwada kumbuyo kwake. Zala zawo zinagwira mfundo ya duku.

"Taimani kaye," anatero amalume.

Zalazo zinaima, koma sizinachoke.

"Mayi, katundu watuluka, koma mabuku a mwana wathu sindikuwaona. Ndiponso pali kankhani. A Catarina m'mamawa uno potsitsa mbatatesi ku Kwachena anauzidwa ndi mayi wina wogulitsa nsomba kuti mwalembetsa sukulu. Sukulu si yoipa. Koma akuti ndi yomwe ija ya malemu, kalasi yomweyo, nthawi yomweyo ya madzulo. Nzoona?"

"Nzoona, amalume."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti sanakusiyeni. Mkazi wokhala pampando wa malemu, woyenda msewu umene anaferapo, pa ola limene anafera, ameneyo akuitanidwa. Ife tikakumasulani lero, mawa mukwatiwa, ndiye kuti tapereka kwa mwana wa eni mkazi amene mwini wake ali kumsana. Kukagwa maliro kumeneko, mlandu ndi wa yani?"

"Palibe akundiitana."

"Woitanidwa sadziwa, mayi. Koma njira ilipo. Tulutsani mabukuwo, tipita nawo kumudzi. Sukuluyo musinthe, muphunzire zina, zili mbwee. Mukavomera pano pamaso pa mboni, dukulo lichoka lero lomwe."

A Catarina anaweramira kukhutu kwake.

"Mlamu, ingovomerani," ananong'ona. "Ife madzulo tikukwera. Mukamasuka adzakulonderani ndani? Nenani eya basi. Mwavutika mokwanira, mwana wa eni."

Anali malangizo abwino, ochokera mumtima wabwino. Liwu limodzi lokha, ndipo pakona paja panali mwamuna amene anamudikira osatopa. Ofélia anayang'ana kapulana yachikasu ija, osamva kanthu. Anaganiza za nkhope ya Horácio, osamva kanthu. Kenaka anaganiza za mabuku akulowa m'thumba la mbatatesi, kukadyedwa ndi chiswe kudenga kwa amalume, ndipo kanthu kaja ka pansi pa nthiti kanapalapata. M'thupi lonse malo amoyo anali omwewo, ndipo ankamupempha kuti awapereke ndi pakamwa pake.

"Mabukuwo ndi anga, amalume. Kursoyo ndinamusankhira ndine Amadeu, chifukwa ndinkaifuna ndine. Iye ankagona nawo pachifuwa, wowerenga ndinali ine. Sindikutsatira malemu. Ndikungotenga malo anga amene ndinamubwereka."

Ernesto anaseka mokweza. Amalume sanaseke.

"Mukuti mwana wathu ankaphunzira ndi mutu wa mkazi? Munthu ali m'manda, mukumuvula ulemu pamaso pa abale ake?"

"Sindikumunyoza. Anali mwamuna wabwino. Koma sukuluyo sindisintha."

"Mwamva nonse? Amenewa si mawu ake. A Catarina, chotsani manja."

Zala zija zinachoka pa mfundo. Kapulana yachikasu inapindidwa nkubwerera m'jumbo.

"Popeza malemu akukufunanibe m'banja mwathu," anatero amalume, akupukuta thukuta, "sitingakusiyeni nokha m'nyumba ndi mzimu. Ernesto atsala. Magazi ndi amodzi, mkulu wake sangamuchitire nsanje. Akusungani monga mwa mwambo. Mwayi wake, amafunanso kuyesa ntchito ku migodi ya ku Moatize."

Mwayi wakedi. Mu Tete wa masiku amenewo, chipinda chinkasowa kuposa ntchito, ndipo mizimu ina inkadziwa bwino zimenezo.

*

Ofélia anadzuka pamphasa osapempha chilolezo, natuluka pa portau. Dzuwa linali paliwombo. Pa baraka ya pakona Horácio anali ataimirira kale, atavala malaya oyera ositidwa bwino, ngati munthu wopita kukajambulitsa. Ataona zakuda zikubwera, mapewa ake anagwa.

"Akana?"

"Ndakana ndine."

"Chifukwa cha sukulu ija?"

"Anati ndisinthe, kapena ndiname kuti ndisintha."

"Ndiye bodza limodzi linakukanika? Limodzi lokha, chifukwa cha ine?" Anadziloza pachifuwa. "Ine unandinamiza sabata yathunthu osatuluka thukuta."

Zimenezo zinali zoona.

"Mana Teresinha ndi amene anawauza," anatero Ofélia.

"Usandiuze za Teresinha. Teresinha sanakugwire pakamwa. Tandiuza chimodzi, Ofélia. Ukadzakhala m'kalasi muja, udzafuna kuona ndani?"

"Ndidzafuna kuona ngati ndikadalipo. Zaka ziwiri zonsezi, a Horácio, inu mwakhala mukufunsira munthu amene kulibe. Muja ndi mokha mmene ndamumvako akupuma. Ndikamupha ameneyo, mukwatira chiyani?"

Kanali koyamba kumuuza mawu ochuluka chotero nthawi imodzi. Nkhope ya Horácio inayamba kufewa, dzanja lake linasuntha ngati likufuna kugwira lake, pagulu pomwepo.

"Akazanga!"

Onse anacheuka. Ernesto anaima pa portau, atavula kale malaya, thaulo la Amadeu lili paphewa. Kumbuyo kwake kunali amalume ndi a Catarina.

"Akazanga, makiyi a kuchipinda mwaika pati? Ndikufuna ndisambe!"

Anthu a pa baraka anasiya kumwa. Dzanja la Horácio linabwerera m'thumba.

"Ameneyo ndani?"

"Mng'ono wake wa malemu. Akuti atsala. Ine sindinavomere, a Horácio, ndimvereni..."

"Wakufa, ndi wamoyo yemwe." Anaseka kuseka kosakoma. "Lolemba akakutenge pa portau ndi amuna akowo."

Analowa m'galimoto. Sanamenyetse chitseko, anachitseka bwinobwino monga mwa khalidwe lake, ndipo chimenecho ndicho chinamulasa Ofélia. Dzanzi la zaka ziwiri linatha nthawi imodzi, ngati mmene mwendo umabayira magazi akayamba kuyenda. Zinawawa. Anamva kutentha kwa mchenga kudutsa m'nsapato, anamva manyazi, anamva mkwiyo, ndipo pansi pa zonsezo anamva kuti munthu amene akuliza galimotoyo amamukonda, osati ndi mutu ayi.

"Horácio!"

Galimoto inanyamuka.

Ofélia anakweza manja kumbuyo kwa mutu. Mfundo ija a Catarina anali ataifewetsa kale, sinavute. Duku la wamasiye salivula mwini wake, ngakhale mwana wa ku Angónia amadziwa. Iye analisolola, naliponya mumsewu, mutu uli pamtunda dzuwa likuswa mtengo.

Anayang'ana kumene kunkapita galimoto kuti mwina Horácio aona pagalasi. Galimoto inali itakhota kale. Amene anaona anali a pa portau, ndipo a Catarina anagwira mutu nkuyamba kulira mokweza, kulira kwa pamaliro.